Supuni ya Fabiano

Mphekesera ija inafika ku Manjawira tsiku la msika, mwezi wa Okutobala chaka cha 1940, ndipo dzuwa lisanapendeke inali itakwana kale midzi yonse. Ati popeza nkhondo ya Ajeremani yayambiranso, boma likulanda katundu aliyense wa Chijeremani. Ati amesenjala akulowa nyumba ndi nyumba, kufunyulula mphasa, kusuzumira ndi m'nkhokwe momwe, ndipo wopezeka ndi kanthu ka Mjeremani, kaya ndi mpeni kaya ndi batani, akukagona kundende ku Zomba. Anayambitsa ndani, palibe akudziwa mpaka lero. Anthu akwathu nkhani yoopsa saifunsa kumene yachokera, amangoisenza n'kuthamanga nayo. Mkulu wina anaponya lumo lake m'chimbudzi, lumo labwinobwino, n'kudzakumbuka mawa lake kuti analigula ku Joni.

Lufina anaimva nkhaniyo akugulitsa mbatata. Iye kanthu ka Chijeremani anali nako, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Inali supuni.

Musaseke ayi. Supuni imeneyo ndiyo yokha inabwerako ya mwamuna wake woyamba, Fabiano. Fabianoyo anali mnyamata wamtali, woseka msanga, katswiri wa ngoma. Akaponda pansi pabwalo, chishango chili m'manja, amayi ankaiwala kuwomba m'manja n'kumangomuyang'ana. Boma linamugwira m'chaka cha 1916, pa nkhondo yoyamba ija, kuti akakhale mtengatenga, wosenza katundu wa asilikali kumpoto uko. Anachoka atangokhala m'banja miyezi isanu ndi itatu, Lufina ali woyembekezera. Nkhondo inatha, ena anabwera, ena kunabwera mayina awo okha, koma za Fabiano kunali zii. Lufina anadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Ndiye mu 1923 kunatulukira Cyprian, mnzake wa Fabiano wa m'mudzi momwemo, amene anagwidwa naye tsiku limodzi n'kutsalira ku Tanganyika pa maganyu nkhondo itatha. Anakhala pansi pabwalo, anavula chipewa, natulutsa supuni yokulunga m'kasanza. Anati Fabiano anamwalira ndi kamwazi mu 1917, panjira, pafupi ndi Tukuyu. Anati supuniyo Fabiano anaitola m'nyumba imene Mjeremani wina anaithawa, ndipo potsirizika anaiika m'manja mwa Cyprian kuti akapereke kwa mkazi wake.

Maliro analira. Popeza mtembo panalibe, anakulunga thunthu la nthochi mu mphasa n'kuliika m'manda, monga achitira munthu wofera kutali. Anameta, anamusudzula Lufina kuti tsopano ndi mfulu, ndipo patapita zaka ziwiri anakwatiwa ndi Cyprian yemweyo, ukwati wa kutchalitchi, nabereka naye ana anayi, woyamba dzina lake Janeti. Cyprian anali munthu wofatsa, wosalawa mowa, wosakweza dzanja pa mkazi. Veronica, mwana wa Fabiano amene anasiyidwa m'mimba uja, anamulera ngati wake. Chinthu chimodzi chokha: supuni ija sankaikhudza, ndipo ikatulutsidwa iye ankapeza chochita panja. Lufina ankati ndi chisoni cha mnzake. Ankaisunga m'bokosi pansi pa nsalu yake ya kutchalitchi, ndipo akatsala yekha pakhomo ankaitulutsa, kuipukuta, kuiyang'ana kanthawi, n'kuibwezera. Lufina ankamukonda Cyprian, ndisaname, koma manda enieni a Fabiano kwa iye anali m'bokosi umo.

Tsono boma lidzailande? Kutaya sakanatha. Kukwirira, ankadziwa kuti mesenjala akangofunsa, pali amayi ena pamudzipo oti adzaloza ndi malo ake omwe. Anaganiza tsiku lonse, ndipo nzeru imene anapeza inali iyi: chimene chikuiulula supuniyi ndi tizidindo tating'ono tija tili kumsana kwa chigwiriro. Titapalidwa ndi tupa, itsala supuni chabe, ya aliyense. Ndipo munthu wa tupa, wodziwanso za ziwiya za azungu, analipo mmodzi, msuweni wake Lazarus.

Lazarus ameneyu anachoka kumudzi Lufina asanathe msinkhu, ndipo moyo wake wonse anathera m'makhitchini a azungu ku Tanganyika. Anaphikira banja lina la Chijeremani kumapiri a ku Iringa nkhondo yoyamba isanayambe. Ajeremani atathamangitsidwa anaphikira Angerezi, ndipo banja lija litabwerera mu 1926 iyenso anabwerera komweko, mpaka chaka cha 1939 pamene Angerezi anadzatenga bwana wake n'kukamutsekera. Kumudzi anabwera ndi bokosi lachitsulo, jekete loyera, mawondo otupa ndi pakamwa posatopa. Ngakhale nyemba za pamaliro ankazipezera chifukwa, ati mchere mwathira mochedwa.

M'mawa mwake Lufina anamupeza pansi pa mtengo wa mango, akuwiritsa tiyi m'ketulo yakuda bii.

"Ha! Mkazi wanga wabwera lero," anatero Lazarus, poti asuweni ndimo amanyozerana. "Cyprian wakupitikitsa eti? Ndinanena ine kuti udzabwerera kwa mwini wake."

"Mwini wake wa mawondo amenewo?" anayankha Lufina akukhala pansi. "Mudzandilimira ndi chiyani, mpeni wa buledi?"

Anaseka onse. Kenaka Lufina anamasula mfundo ya pansalu, natulutsa supuni, nafotokoza chimene wabwerera. Lazarus anayamba wapukuta manja m'malaya, chizolowezi cha kukhitchini, ndiye n'kuilandira. Anaiyesa kulemera pachikhatho. Anaigogoda ndi chikhadabo n'kutchera khutu.

"Choyamba, asuweni, siliva weniweni si uyu."

"Ndani wakufunsani zimenezo?"

"Ndikungonena. Ya siliva weniweni ya Ajeremani imakhala ndi kamwezi ndi kachisoti ka ufumu kumsana kuno. Iyi anangoiveka siliva pamwamba ngati khungu, m'kati ndi chitsulo china. Nambala 90 iyi ikunena kuchuluka kwa siliva amene anaiveka. Taona apa, payamba kale chikasu. Unkaitsuka ndi mchenga eti?"

"Poyambapo, ndisanadziwe."

"Mchenga! Amayi inu, mukufuna kundipha? Siliva amapukuta ndi phulusa losefa ndi kansalu kofewa. Dona wanga akanakuona akanakomoka." Anaitembenuza. "Koma ndi yabwino, usakwiye. Tsono tione anaipanga ndani. Azungu sakhulupirirana, n'chifukwa chake chilichonse amadinda. Wopanga amadinda chizindikiro chake, ngati mmene timadulira ng'ombe khutu kuti mwini wake adziwike."

Anapaka chala kunsi kwa ketulo, nadzoza mwaye pa tizidindo tija, n'kupukuta pamwamba ndi chala chachikulu. Mwaye unatsalira m'mizere, ndipo tizidindo tinaonekera bwinobwino, takuda pa chitsulo choyera. Anavala magalasi ake a mwendo umodzi, winawo wa chingwe, nayandikitsa supuni kumphuno. Pakamwa paja panatseka. Tiyi anasefukira pamoto osamuphula.

"Unati Fabiano anaitola liti supuniyi?"

"Chaka chimene anamwalira, 1917."

"Anakuuza ndani?"

"Mukufunsa zimene mukuzidziwa kale. Bambo a Janeti, nanga ndani?"

Lazarus anadzuka movutikira, analowa m'nyumba, natuluka ndi kansalu kopindapinda. M'kati munali mafoloko awiri amene dona anamupatsa potsazikana. Onse anawadzoza mwaye, nawagoneka chafufumimba pa mpando, supuni ya Lufina pakati.

"Yang'ana. Zitatu zonsezi n'za fakitale imodzi, chizindikiro chawo ndi kanyundo aka. Foloko iyi ndi yakale, dona anabwera nayo pa ukwati wake nkhondo yoyamba isanayambe. Ukuona kanyundo, ndi tinyenyezi tiwiri, uku kamodzi uku kamodzi? Tsono inayi ndi imene anaitanitsa atabwerera, chifukwa zambiri zakale asilikali anatola. Kanyundo kalipo. Tinyenyezi tili kuti?"

"Palibe."

"Tayang'ana yako."

Lufina anawerama. Kanyundo kanalipo, kokhakokha, uku ndi uku kosalala.

"Dona anandiuza yekha, tsiku limene bokosi la zatsopano linafika," anatero Lazarus, mawu atatsika. "Mwini fakitale anali ndi ana aamuna awiri, ndiwo tinyenyezi timeneti. Onse anafera kunkhondo kwawo uko. Nkhondo itatha bambo wawo analamula kuti chidindo chisemedwe china, tinyenyezi tichoke. Supuni yopanda tinyenyezi, Lufina, mu 1917 inali isanapangidwe."

Lufina anaseka, kuseka kwa pakhosi chabe. Anati mafakitale ndi ambiri, ndipo nyundo aliyense angajambule. Anati tinyenyezito tinafufutika ndi mchenga uja. Anati maso a Lazarus ndi okalamba, magalasi akenso anatola a munthu wina. Lazarus anamulekerera mpaka atamaliza, kenaka anatsinzina, nasokoneza zitatu zija m'manja, n'kumayendetsa chikhadabo kumsana kwa chilichonse. "Yatsopano. Yakale. Yatsopano." Sanaphonye.

"Zaka khumi ndi zitatu ndazilekanitsa Loweruka lililonse," anatero. "Dona akapeza yatsopano patebulo la alendo, makutu anga ankalira mpaka Lolemba. Mchenga sufufuta nyenyezi n'kusiya nyundo, ndipo kanyundo kako n'kakuthwa ngati kadindidwa dzulo. Taonanso chigwiriro. Zakale ankazisema maluwa, ovuta kutsuka, zala zinkandipweteka nawo. Zosalala chonchi zinabwera pambuyo."

Apa Lazarus anazindikira chimene pakamwa pake pachita, koma mochedwa. Anayamba kuzungulirazungulira. Mwina Cyprian anataya yeniyeniyo panjira n'kugula ina chifukwa cha manyazi. Mwina anaberedwa, nanga ulendo wautali wotero? Anatola tupa m'bokosi lake la zida. "Bweretsa ndipale, si ndizo wabwerera? Kukwecha kanayi kokha, basi, palibe adzadziwe. Ngakhale ineyo ndidzaiwala."

Lufina anaiyang'ana tupayo nthawi yaitali, ndipo ndikuuzeni, mtima wake wonse unkafuna kuvomera. Koma anatola supuni, anaimanga pansalu mwaye uli pomwepo, nanyamuka osatsazika.

Kuchokera kwa Lazarus kukafika kwawo ndi mtunda woti munthu sapuma, koma iye anakhala pansi katatu. Mantha a amesenjala anali atatheratu. Funso linali limodzi, ndipo linkamupweteka ngati dzino: tsiku limene ankakwirira thunthu la nthochi lija, iye akugubuduka pansi ndi kulira, Fabiano anali atamwaliradi? Ngati supuni inapangidwa nkhondo itatha, munthu wakufa mu 1917 anaigwira bwanji? Anapemphera kuti Cyprian akhale wakuba, kapena wabodza wamba wogula supuni pa sitolo ya Mmwenye kuti asafike chimanjamanja. Zoona, mayi wa mpingo kupempha Mulungu kuti mwamuna wake akhale wakuba! Koma zimenezo akanazikhululuka tsiku lomwelo.

Anamupeza Cyprian kuseri kwa nyumba akung'amba nsungwi zolukira nkhokwe. Ana anali atapita kumadzi. Lufina anagwada chapatali pang'ono monga mwa masiku onse, anamasula mfundo, naika supuni padothi pakati pa awiriwo.

"Bambo a Janeti, supuni iyi anakupatsani ndani?"

Cyprian sanaleke kung'amba. "Mwayamba liti kufunsa zakalekale, mayi a Janeti?"

"Ndachokera kwa a Lazarus. Akuti chidindo ichi n'cha nkhondo itatha. Andionetsa, ndaona ndi maso angawa. Ndiye ndikufunsanso: anakupatsani ndani?"

Chikwanje chinaima pakati pa nsungwi. Cyprian anayang'ana supuni, anayang'ana mwaye uja, ndipo nkhope yake inagwa. Lufina anadikira kuti akalipe, kapena amutukwane Lazarus. Akanatero, mwina akanakhala ndi pogwira. Koma munthuyo anangokhala pansi pa mulu wa nsungwi, manja ali lende.

"Anandipatsa Fabiano," anatero.

"Liti?"

"Mu 1923. Mwezi ndi theka ndisanafike kuno."

Kalanga ine! Lufina anagwira pansi ndi manja onse awiri. Sanalire. Anangoti, "Nenani zonse."

Cyprian ananena, maso ali pansi. Mu 1917 iye ndi Fabiano anaikidwa m'magulu osiyana, ndipo anamva kuti mnzakeyo wafa. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ali paulendo wobwerera kumudzi, anaima ku Tukuyu kupempha madzi kuseri kwa hotela ya Mgiriki wina. Ali chiimire anamva munthu akumuitana dzina lake la paubwana. Pansi, pakati pa zidebe, panali Fabiano akutsuka masupuni. Mapazi analibe. Mapazi aja ankagwedeza bwalo lonse anawola ndi matekenya ndi chisanu cha m'mapiri, ndipo dokotala wa asilikali anadula onse awiri. Ankayenda chokwawa, atamanga zikopa m'mawondo, ndipo Mgirikiyo ankamupatsa chakudya ndi pogona kuti azimutsukira ziwiya.

"Analira, inenso ndinalira," anatero Cyprian. "Anati, 'Ine kulemba sindidziwa, ndipo aliyense amene ndimamutuma sabwerera. Iwe ndiwe wakwathu. Ukawauze amalume atumize amuna anayi ndi machila adzanditenge.' Ndiye anasolola supuni imodzi mwa zatsopano za bwana wake n'kundibisira m'thumba. Anati, 'Ndilibe china chotumiza. Ukampatse Lufina adziwe kuti ndilipo.'"

"Adziwe kuti ndilipo," Lufina anabwereza.

"Ndinanyamuka ndi mawu amenewo, Mulungu ndi mboni. Masiku makumi anayi ndikuwabwereza panjira. Koma nditafika ndinapeza chiyani? Amalume akewo onse awiri anapita ndi mliri wa chimfine uja wa 1918. Njala inali itangodutsa, anthu nthiti zili pamtunda. Amuna amphamvu onse ali ku Joni ndi ku Halale. Amuna anayi ndikanawatenga kuti, oti ayende mtunda wonse uja, pobwera atasenza munthu? Ndinakuonani inuyo mutakhala pakhonde, denga litagwa mbali imodzi, kamwana kali pambali. Ndinati ndikanena kuti ali moyo, mayiyu adikira mpaka imfa munthu woti sadzafika. Nditatsegula pakamwa panatuluka zinazo."

"Ndipo munaona kuti mkaziyo ndi wabwino."

"Ayi! Zimenezo zinabwera pambuyo. Ndikulumbira."

"Pambuyo," anatero Lufina. Kaya zinali zoona kaya ayi, analibenso njira yodziwira, poti munthu yemweyu ndi amene analumbira pamaso pa mudzi wonse kuti anamutseka yekha maso Fabiano. "Munakumba nawo manda aja, bambo a Janeti. Ndinakuonani, munali m'dzenje mpaka m'chiuno. Munatumizako mawu? Anthu amapita kumpoto chaka ndi chaka. Ngakhale kamodzi?"

Cyprian anapukusa mutu.

"Munamusiya ndi mawu otani?"

"Ndinati ndibwera nawo mvula isanagwe. Anandiperekeza chokwawa mpaka pamsewu. Chomaliza anandifunsa ngati ndinamvapo kuti mwana uja anabadwa wamwamuna kapena wamkazi. Ndinati sindikudziwa. Anati, 'Chabwino, udzandiuza pobwera.'"

Pamenepo ndi pamene Lufina analira, kulira koti nkhuku zinathawa pabwalo, ndipo anansi anabwera akuthamanga kuyesa kwagwa maliro. Anawauza kuti ndi mutu. Akanati chiyani?

Amesenjala aja, ndikuuzeni, sanabwere n'komwe. Panalibe lamulo lotero, linali bodza la pamsika. Anthu anafukula mipeni yawo n'kumasekana, moyo n'kupitirira. Lufina yekha ndiye analibe kobwerera. Ankaphika, ankatunga madzi, ankamuikira Cyprian madzi osamba, poti anawo analakwa chiyani? Koma mawu ndi iye anatha. Tsiku lina Cyprian anati apita yekha akaulule kwa wansembe, ndipo Lufina anamuyankha kamodzi kokha: "Mukaulula, ana anayiwa akhala ana a ukwati uti?" Cyprian sanapite. Lamulungu anthu akamapita kutsogolo kukalandira Ukalistia, Lufina ankatsala pa benchi, chifukwa sankadziwa kuti pamaso pa Mulungu ndi mkazi wa yani. Veronica, amene tsopano anali pabanja pake ku Sharpevale, anabwera kudzacheza, namugwadira Cyprian n'kumati "bambo", ndipo Lufina anatuluka kukaima kuseri kwa khola mpaka mtima utatsika. Lufina sanamuuze mwanayo kanthu.

Munthu yekhayo amene Lufina anamuuza za Fabiano anali Lazarus. Mkuluyo anabwera akutsimphina, atanyamula masikono ophika mu mphika, nthabwala zonse atasiya kwawo.

"Pakamwa pangapa padzandiphetsa," anatero. "Ndikanangopala n'kukhala chete."

"Zimenezo zisiyeni. Inu munayendako. Ku Tukuyu mukudziwako?"

"Ndinadutsako chaka chatha pobwera kuno."

"Hotela ya Mgiriki munaiona?"

Lazarus anakanda m'mutu. Anati hotela anaiona, koma inali ya Mmwenye. Mgiriki anamva kuti anasamukira kalekale ku migodi ya golide ku Lupa. Kuseri sanapiteko, nanga akanadziwa bwanji kuti kuli koyenera kusuzumira?

"Posamuka akanamutenga?"

"Mzungu asenze munthu wopanda mapazi..." Lazarus anadziluma lilime. "Mwina anamusiyira wogula hotelayo. Wotsuka masupuni bwino sapezeka wamba."

Onse awiri anadziwa kuti akungonena. Chimene chinkamudya Lufina koposa n'chakuti sakanatha kulira maliro, poti mwina munthuyo ali moyo, ndipo sakanatha kudikira, poti mwina anafa kalekale akuyang'ana kumsewu. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri! Anaganiza zonyamuka wapansi, koma mayi wa ana asanu, wosadziwa Chiswahili, nthawi ya nkhondo, akanafika pati?

Patatha milungu itatu, m'mawa wina, kunamveka kulira kwa magalimoto ambiri kumsewu waukulu. Anali malole a asilikali a Keyala ochokera ku Zomba, akupita kumpoto kunkhondo, ndipo anaima pa Manjawira kuti athire madzi m'mainjini. Amayi anathamangirako ndi nthochi ndi mtedza wokazinga. Lufina anasiya khasu m'munda momwemo nathamanga chimanjamanja, mpango n'kugwera panjira.

Anafika malole akutsogolo atayamba kale kunyamuka. Anagwira thabwa la lole yomaliza, nayang'ana m'mwamba. Munali asilikali achinyamata okhaokha, a msinkhu wa Veronica, ndi sajeni mmodzi wa ndevu za imvi.

"Bambo! Bambo sajeni! Mudutsa ku Tukuyu?"

"Amayi, ife satiuza kumene tikupita. Mwina tidutsa, mwina ayi."

"Mukadutsa, pali hotela, inali ya Mgiriki. Kuseri kwake kuli munthu wakwathu kuno, wopanda mapazi, amatsuka masupuni."

"Munamuona liti?"

"Anamuona ena. Mu 1923."

Asilikali ena anaseka, koma sajeni anawatontholetsa ndi diso. Injini inalira, lole inagwedezeka n'kuyamba kuyenda. Lufina anayenda nayo, atagwirabe thabwa, kenaka anayamba kuthamanga.

"Tikamupeza timuuze chiyani, amayi? Fulumirani!"

Amuuze chiyani? Milungu itatu yonse Lufina anali akuyankhula ndi Fabiano mumtima, m'munda, kuchitsime, pamtondo, mawu oti sakanatha tsiku limodzi. Kuti sanadziwe. Kuti anamunamiza. Kuti anadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Tsopano onsewo anathawa, mpweya unamuthera, ndipo thabwa linkapulumuka m'manja.

"Mukamuuze kuti ndi wamkazi!" anakuwa. "Mwana uja! Ndi wamkazi!"

Sajeni anakweza dzanja, kaya kuvomera kaya kutsazika. Fumbi linamukwirira Lufina, ndipo anagwada pakati pa msewu akutsokomola. Amayi a nthochi anabwera kudzamudzutsa, akufunsana kuti chawalowa n'chiyani mayi a Janeti masiku ano. Malole atazimiririka kuseri kwa chitunda, phokoso litatheratu, ndi pamene anakumbukira kuti dzina la Fabiano sanalitchule.